Mzere wa Kumphepete

Inki ya pachala chako, Felesita,
inakana sopo masiku atatu.
Unadinda pansi pa tsamba lachinayi
mtsikana wa gauni yoyera atakuwerengera zonse
pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa ana a tilitonse:
kuti mankhwalawa ndi atsopano,
kuti iwonso sakudziwa ngati agwira,
kuti ukhoza kusiya tsiku lililonse popanda mlandu.

Ine ndinakukoka chitenje. Tiye tizipita.
Munthu woti sakudziwa akubaye bwanji?
Iwe unaseka, kuseka kwako kwa m'mphuno kuja.
Bambo a Lonjezo, mwaiwala chaka chija
alangizi anabwera ndi mbewu yachilendo ya kachewere?
Tinaibzala mizere iwiri kumphepete,
kufupi ndi mapaini, kuti tione.
Ndiye lero mzere wa kumphepetewo ndine.

Anakupatsa nambala, 047.
Lachiwiri lililonse tinkatsika ku Bembeke kukadali mdima,
nkhungu itameza msewu ndi anthu omwe,
kukadikira minibasi pamphambano.
Ku Lilongwe ankakukweza pasikelo, kukutenga magazi,
kukufunsa kuti wasanza kangati, tsitsi lathothoka lochuluka bwanji.
Ya thiransipoti ankatibwezera mu envulopu.
Yotsala unkagulira nthochi pa Chimbiya
zoti n'kudzadya ine.

Mwezi wachitatu unapita kudimba wekha,
unakalipira mbuzi za eni mpaka kumveka kutsidya.
Ndinauza a kumphakati kuti wachira.
Pakamwa pangapa.

Mwezi wachisanu dokotala anatembenuzira chithunzi kwa ife
n'kuvula magalasi ake.
Anawapukuta nthawi yaitali.
Khansa ija inali itayanga pansi ngati kapinga,
yatulukira kwina.

Tsopano pawindo pali botolo la mofini
ndi sirinji yopanda singano.
A Kachingwe, anamwino a ku Boma,
amabwera Lachisanu panjinga yamoto, matope mpaka m'mawondo.
Sanama iwo. Ukawafunsa amakuyang'ana m'maso.
Andiphunzitsa kukutembenuza osadzutsa ululu,
kuika mtsamiro pakati pa miyendo,
kunyowetsa milomo yako ndi kansalu.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi
sindinkadziwa kuti uli ndi chipsera kuseri kwa bondo.
Akuti unagwa mumtengo wa mapichesi uli kamtsikana.
Bwanji sunandiuze?
Simunafunse.

Usiku wa Juni kuno kuzizira kumalowa mpaka m'mano.
Dzana ndinatenga kakhadi kako ka nambala kaja
ndi kukaima nako pambaula.
Ndimayesa uli m'tulo.
Bwezerani m'chikwama, unatero, osatsegula maso.
Ndipo ndikapita mukawauze, asamve kwa ena.
Alembe tsiku, alembe kuti sizinatheke.
Mzere ukakana nawonso wanena zake,
mlimi sabwerezanso pomwepo.

Ndinati ine si mlimi wa anthu.
Ndinati akanayesera pa akazi awo.
Unandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera.

Kenaka unati: wa 048 munamuona?
Wa duku lofiira, wa ku Mayani uja.
Amabwera ndi mwana kumsana,
ankamuyamwitsa mpaka anamuletsa.

Sindinayankhe. Ndinamuona.
Mwanayo anandigwira chala pabenchi,
osafuna kuchisiya.

Kunja agalu akhala chete.
Lonjezo wagona pampando, nsapato zili kuphazi,
wafika usiku kuchokera ku Joni ndi bulangete latsopano
lomwe ukuti likukulemera.
Foni yalira, maola anayi akwana.
Ndaluma tochi ndi mano,
ndikukoka mankhwala mpaka pakamzere
kamene a Kachingwe anadinda ndi bolopeni.
Dzanja likunjenjemera, ndabwezera, ndayambanso.
Tsegula pakamwa, Felesita.
Pang'ono pokha.
Eya, choncho.