Mzere wa Mazana Anayi ndi Khumi

Kalata inafika Lolemba, masamba asanu ndi anayi,
chidindo chofiira pakona.
A Kalilangwe anaiwerenga chiimirire,
tiyi akuzizira patebulo.
Kuyambira pa wani, anatero,
khadi isadutse ngati ndalama zaperewera,
pokhapokha mwiniwake atavomera ndi pakamwa pake.
Ndipo zimene tinadula chaka chatha osafunsa,
tibweze.
Liwu lomalizalo analitchula
ngati munthu amene waluma mwala mumpunga.

Ntchitoyo inagwera ine.
Nsanjika yachitatu, City Centre,
zenera loyang'ana jakaranda
amene akuwaza maluwa pamagalimoto a mabwana.
Mayina zikwi ziwiri pakompyuta,
aliyense ndi tsiku lake, sitolo yake,
ola limene ndalama inamuthera iye osadziwa.

Uyu ankathira petulo ku Area 18.
Uyu yunifomu ya mwana, Januwale.
Uyu, ndinaseka ndekha, mabotolo atatu ku Bwandilo.
Makina sanakane aliyense.
Kapepala kankatuluka, munthu n'kumapita,
m'mawa mwake ife n'kuluma zikwi zisanu ndi ziwiri,
mwakachetechete,
ngati chiswe m'phaso la denga.

Ndimaimba, ndimawerenga mawu amene anandilembera.
Ena amadula, amati ndine wakuba wa pafoni.
Wina anafunsa: mubweza ndi chiwongoladzanja chake?
Papepala langa palibe yankho la funso limenelo.

Lachinayi magetsi anathima,
jenereta inatsokomola kawiri n'kudzuka.
Mzere wa mazana anayi ndi khumi:
Witinesi Kamtsitsi, wa ku Kawale.
Sitolo ya mankhwala pafupi ndi Sentolo, naini koloko usiku.
Anaperewera makwacha mazana atatu ndi makumi anayi.
Tinadula katatu mwezi umenewo.
Sitolo yomweyo. Ola lomwelo.

Foni inaitana nthawi yaitali.
Anayankha ndi mayi,
kumbuyo madzi a pampopi akulira m'ndowa.
Ndinati ndikufuna bambo Kamtsitsi.
Anati, tinaika mu Epulo, kwawo ku Nathenje.
Foniyi ndimangoitchaja, muli zithunzi zawo.

Papepala pali timabokosi tiwiri: wavomera, wakana.
Mawu athu amajambulidwa, choncho ndinawerengabe:
kodi mukufuna khadi izidutsa ndalama zikaperewera?

Ndowa inadzaza.
Ndinamva ikusefukira, palibe anatseka mpopi.

Usiku uja khadiyo ikanakana, anatero,
tikanabwerera kuwodi manja ali m'khosi.
Ndiye sindikudziwa, mwana wanga,
ndikuthokozeni kapena ndikutukwaneni.
Nanga ndalamazo muponya kuti, akaunti munatseka?

Ndinawauza za fomu, za kalata ya imfa,
kalata ya kwa DC, chitupa chawo,
ndi kuti abwere okha, pakati pa sabata.
Anawerengera mokweza, osati kwa ine:
minibasi kupita, minibasi kubwera,
fotokope, ulendo wachiwiri poti woyamba sizitheka,
masiku awiri benchi ya tomato ili yovundikira.
Zitsala zingati pamenepo?

Faifi koloko a Kalilangwe amafuna lipoti,
oyang'anira mabanki amafuna chiwerengero,
chiwerengero chimafuna kabokosi kochongedwa.
Ndinasiya tonse tiwiri topanda kanthu.
Kompyuta inafiira: simungapitirire.
Makina amene sanakanepo munthu chaka chonse
lero aphunzira kukana,
ndipo ayambira pa ine.

Ndinalemba nambala ya mayiwo kuseri kwa dzanja,
sindikudziwa kuti ndikaitani.
Pa Bwalo la Njobvu ndinagula anyezi ndi sopo.
Mtsikana wa pakauntala ananditambasulira kamakina kake.
Ndinabweza khadi m'chikwama,
ndinatulutsa mapepala opindika,
ndinawerenga kawiri,
inki ya padzanja ikusungunuka ndi thukuta la Okutobala.