Nambala Yofufutika

Chipale chofewa chasungunuka kuno ku Wakaw,
udzu wadzuka nthawi imodzi ngati wamva belu,
koma makina otchetchera a bambo
akadali m'shedi, fumbi kumsana,
osadziwa kuti eni ake tinawaika mu Febuluwale.

Ndamasula fyuluta yakale.
Oyilo wakuda bii watsikira m'chigongono.
Nambala yake inafufutika kalekale:
kwatsala 4, ndi kachilembo kotheka
koti mwina ndi B, mwina ndi 8.

Kusitolo kwa a Lorne Hrycan
mafyuluta afola pashelefu,
achikasu, oyera, akuda,
onse nkhope imodzi ngati ana a mimba imodzi.
Ine dzanja lathamangira wotchipa.

A Lorne apukusa mutu.
"Darusia, kufanana si ubale.
Taona mazinga awa, ndi akuluakulu;
udzaikakamiza, idzalowa,
kenako idzalavula oyilo yense pakapinga.
Yeza mphira yapakamwayi.
Suzumira m'katimu, muli kachitseko
kotsekereza oyilo injini ikagona,
kuti m'mawa isadzuke kukhosi kuli gwa."

Atenga yakale ija, aitembenuza,
aiyandikiza kuwindo.
Pansi pake, mokanda ndi msomali,
pali Meyi 9, ndi O wopendekeka,
O wa Orest,
momwe bambo ankasainira chilichonse,
ngakhale makhadi anga a kusukulu.

Sitinayankhule.
Panja thirakitala inadutsa ikukoka mbewu ya kanola.

"Ankagula iyi," atero a Lorne,
"yaitali pang'ono, yodulirapo madola atatu.
Chaka chilichonse ankadandaula mtengo,
chaka chilichonse ankagula."

Madzulo ndagwada pasimenti yozizira.
Ndaviika chala mu oyilo watsopano,
wonyezimira ngati uchi,
ndadzoza mphira kuzungulira.
Sipanala ndaisiya pakhoma.
Izi zimafuna dzanja lokha:
zungulitsa mpaka ikhudze,
uwonjezere pang'ono, usiye.
Chomanga mopitirira chimadzavuta pomasula.
Sindikumbuka tsiku lomwe anandiuza zimenezi,
koma dzanja likukumbuka.

Ndatembenuza kiyi.
Yatsokomola kawiri, yazima.
Kachitatu yagwira,
shedi yonse kunjenjemera,
zitini za misomali kuvina pashelefu.

Ndasuzumira pansi ndi tochi.
Palibe dontho.

Msomali ndaupeza pawindo, pomwe ankausiya.
Ndakanda tsiku.
Chilembo changa chatuluka chopendekeka nachonso,
chitsulo n'choterera,
mwina n'chifukwa chake basi.