Zikhomo Ziwiri

A Lapukeni anafika pa shedi yanga ku Mchesi
mu Okutobala, fumbi likulowa mpaka m'mano,
ine ndili pakati pa mbaula zisanu ndi geti la munthu wa ku Biwi.
Anatulutsa pepala la thumba la simenti m'jekete,
nalitambasula pa bondo.
Mwanawe, undiwotcherere ichi.

Chinthu chachitali, chojambulidwa ndi pensulo ya kalipentala,
mawilo ngati miyendo ya bongololo.
Ndinawerenga khumi ndi anayi, mbali imodzi yokha.

Ndi mutu wa sitima, anatero, wa malasha.
Kutsogoloku thanki ya madzi, pa miyendo yakeyake.
Kumbuyoku nkhokwe ya malasha, pa miyendo yakenso.
Pakatipa mphika wa moto, wopanda wilo ndi limodzi lomwe,
ukulendewera ngati nkhumba pa mtengo
pakati pa mapewa a amuna awiri.
Ndiye apa, ndi apa,
chala chawo cha chipsera chinagogoda pepala,
pali zikhomo ziwiri. Nzeru yonse yagona pamenepo.

Njanji zakale anaziyala mwaumphawi, anatero,
zopyapyala, zokhotakhota pozemba mapiri,
milatho yake yamantha.
Amisiri a kutsidya kwa nyanja anakanda mitu:
kulemeraku tikugawire miyendo yambiri,
msanawu tiudule pawiri kuti uzipinda pa gulaye.
Basi chinabadwa chilombo
chokoka mabogi mpaka diso kutopa powerenga.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anachidyetsa ndi fosholo,
kuchoka ku Wanki usiku, kukacha ali ku Buluwayo,
nsidze zitapserera, khutu lamanzere litafa.
Atabwerera kumudzi njanji inawalondola mpaka ku Kanengo
koma inabwera ndi dizilo,
bokosi long'ung'udza lopanda mpweya m'chifuwa.
Akamasimba za nthunzi pa bawo, anyamata ankatsinana.

Ndinachipanga masabata atatu, magetsi akalola.
Mphika kuchokera ku paipi ya mjigo,
mawilo a mawashala, chumuni cha pampu ya njinga.
Pochinyamula chinkagwedera ngati dzino la mwana,
ndipo ine, mmisiri wa mageti osagwedezeka,
ndinachita manyazi.
Ndinadontheza moto pa zikhomo zija. Chinauma gwa.

Iwo anabwera, nalemba mzere wokhota pa dothi ndi ndodo yawo,
nagwada movutika, nachikankha.
Chinapita chowongoka, nichigwa cham'mbali pafupi ndi ndowa.
Sanakalipe.
Anangopukuta fumbi pa chumuni ndi mkono wa jekete.
Cholemera chikakana kupinda chimasiya njanji, mwanawe.
Ndibweranso Lachinayi.

Lachinayi kunabwera mdzukulu wawo, Ndaziona,
maso ali psuu.

Ku Mgona nyumba zimapumirana m'khosi.
Kanjira kochoka pakhomo pawo kamakhota
pakati pa bafa la eni ake ndi khoma la njerwa zosawotcha,
ndipo pamenepo bokosi linakana.
Amuna asanu ndi mmodzi, ine kumiyendo,
bwererani pang'ono, tsitsani uko, ayi kwezani,
amayi a chigwirizano atayima ndi nyimbo pakamwa.
Thabwa silidziwa gulaye.
Tinawadutsitsa pamwamba pa mpanda wa udzu
ngati katundu wozembetsa,
uku dizilo ikulira ku Kanengo, ikukoka feteleza.

Usiku womwewo, magetsi atathima,
ndinaluma foni kuti indiunikire
n'kudula ndi sowo zomwe ndinawotcherera.
Mpeni wa sowo unathyoka kawiri.

Lero chili pansi pa benchi.
Ana a mayi wogulitsa mandasi amachikankha
kuzungulira mwendo wa tebulo,
mutu utakhota kale, mchira ukadali kuseri,
mphika ukutsatira pakati, phee.
Wina anafuna kuchigula, ndinati chili ndi mwini.
M'kope langa la ngongole mukadali mzere:
Lapukeni, sitima, wapereka theka.