Msoko

Zaka makumi atatu ndathera m'mimba mwa sitima
pano pa Geoje, chigoba kumaso,
kuwotcherera chitsulo ku chinzake.
Lachiwiri ndi Lachisanu ndimasamba m'manja kawiri,
mafuta osachokabe m'zikhadabo,
n'kutsikira kuchipinda chapansi pa tchalitchi cha ku Okpo
kumene chotenthetsera chimatsokomola ngati nkhalamba.

Tilipo asanu ndi awiri. Wina amagulitsa nkhanu,
wina ndi namwino, amawodzera cholembera chili m'manja.
Tsiku loyamba mphunzitsi Pyo anandandalika pabolodi
mitu ya chaka chathunthu: Mulungu, munthu, tchimo,
Khristu, Mzimu, mpingo, zotsiriza.
Ndinati mumtima, iyi ndi pulani, mapulani ndimawadziwa,
umayambira pansi n'kumakwera.

Za tchimo sindinavutike.
Chitsulo chimafika kuchokera ku Pohang chili mbee,
sichinagwire ntchito, sichinalakwire munthu,
koma mphepo yamchere ikachinyambita usiku umodzi
m'mawa wake dzimbiri lamera.
Ndinati izi ndamva, tiyeni patsogolo.

Pa Utatu ndinakweza dzanja: madzi, nthunzi, ayezi.
Mayi uja anavula magalasi, nati
limenelo ndi bodza lakalekale, lili ndi dzina lake,
ndipo libwera pa mayeso.
Wankhanu anaseka mpaka kutsamwa.

Pomwe ndinakakamira ndi pa Khristu.
Mulungu ndithu, munthu ndithu, mmodzi yekha,
koma osasungunuka, osasanduka china,
osang'ambika, osalekana.
Ndinati, aphunzitsi, ntchito yangatu ndi imeneyi.
Ziwiri kuti zikhale chimodzi, zonse zimve moto,
milomo yake isungunuke, zitaye pang'ono zomwe zinali.
Wokana kusungunula amange ndi mabawuti,
ndipo mabawuti amamasuka.
Anati inde, ndiye chifukwa chake akale aja
anangotiuza zinayi zimene msokowu suli,
natseka pakamwa. Lembani zimenezo.
Ndinalemba, koma basi yonse ndinali kukangana naye
mpaka kupitirira siteji yanga.

Mwezi wa Febuluwale Bong-su anagwa pansanja.
Mamita khumi ndi anayi. Lamba anali naye,
ngowe yake sinakole, basi.
Ine ndinali mmunsi, ndinamva kaye chipewa chake
chikugubuduzika pachitsulo.
Mwana wake wamkazi akulowa kumene sekondale.

Lachisanu lake mutu unali wakuti
Mulungu amasunga ndi kuyendetsa zonse.
Ndinakhala kumbuyo, jekete osavula.
Mphunzitsi Pyo anawerenga mfundo yoyamba, yachiwiri,
pa yachitatu anandiyang'ana, naika choko pansi.
Sanafufute kanthu. Sanawonjezere kanthu.
Namwino anadzuka kukatereka madzi,
tinamwa tiyi wa balere m'makapu apepala,
mfundo zitatu zili chiimire pabolodi,
ife tili duu pansi pake mpaka naini koloko.

Sindinganene kuti ndinamvetsa.
Komabe sabata yotsatira ndinabwera,
ndipo pofika pa kuuka kwa thupi
ndinafunsa ngati thupilo ndi lomweli,
la zipsera za mbaliwali m'mikono,
la msana wothyoka patatu.
Anati lomwelo, koma lokonzedwa.
Ndinafunsa, zipsera nazo?
Anati Iye anauka nazo zake.

Kuntchito, msoko ukatha amabwera ndi makina
ounika m'kati mmene diso silifika.
Wanga umakhoza kawirikawiri.
Mayeso a Juni ndinapeza makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri.
Funso lomaliza, la chilengedwe chiwiri mwa mmodzi,
ndinayankha zinayi zija bwinobwino
n'kuwonjezera mmunsi ndi zilembo zazing'ono:
sindidziwa mmisiri wake anachita bwanji.
Pepala linabwera ndi chizindikiro chofiira pambali pake,
chosaoneka ngati chikuchonga kapena chikukana.

Mawa ndilowa sikisi koloko.
Pansanja ya Bong-su aikapo mnyamata wa ku Nepal.
Ngowe yake ndimaikoka ndekha kawiri
asanakwere.