Kabokosi ka Mphenzi

Ndinakagula ku Limbe mwezi wa Meyi,
kakuda, kotalika ngati nsapato ya malemu bambo a Sigele,
wogulitsa akulumbira kuti m'katimo muli mphenzi yoweta.
Sabata yoyamba, makoswe asanu ndi mmodzi.
Ndinkati ndikatsegula golosale, kagetsi kobiriwira kali phethiphethi,
ndikukhuthulira mtembo mu jumbo osaukhudza,
mchira uli gwa ngati waya.

Kenako zii.

Matumba a mpunga anayambanso kudontha kumakona.
Pa sopo wa m'katoni panali mano osindikizidwa bwino
ngati chidindo cha ku khonsolo.
Kagetsi kofiira kokha ndi kamene kankandiyang'ana.

Ndinakatengera kwa Che Twaibu mumsika wa Ndirande,
amene amadzutsa mawailesi akufa.
Sanakatsegule n'komwe. Anakanunkhiza.
Amvekere: mayi, aka sikakudwala, kangosowa kusamba.
Zimitsani kaye, chotsani mabatire,
mphenzi sidziwa kuti chala ichi n'cha mwini wake.
Ndalama anakana. Anapempha machesi.

Madzulo, nditatseka, ndinayala nyuzipepala pa kauntala.
Batire limodzi linali litatuluka thovu,
loyera, louma, ngati chikanga cha m'kamwa mwa wodwala malungo.
Kasipuling'i kali ndi dzimbiri.
Viniga pa thonje, ndiye kupala pang'onopang'ono ndi sandipepala
mpaka chitsulo chitakumbukira mtundu wake.

M'kati munali mudzi wathunthu.
Ubweya womata pa timalata tiwiri,
mkodzo wouma, chiponde cha mwezi watha chitasanduka mwala,
ndi mphemvu, mayi wamkulu, atagona chopingasa
mutu uku, miyendo uko,
akumwa yekha moto wonse umene ndinagulira makoswe.

Ndinafunafuna chokwechera.
M'kapu ya pawindo munali mswachi wabuluu
umene sindinautaye chitheretu maliro.
Ndinaugwira nthawi yaitali ndithu.
Iwo ankapha makoswe ndi mpini wa khasu, atavula malaya,
akutukwana, Sigele ali pampando kukuwa.
Ndinauviika mu sipiriti.
Unakwecha bwino. Anali munthu wosamala zinthu.

Kuumitsa ndiye kunavuta.
Chiperoni anakhala paphiri masiku atatu osasuntha,
zipupa zikutuluka thukuta,
ndipo kabokosi kakangomva chinyontho kamalira kokha,
tsss, tsss, kupha mpweya.
Ndinakaika pafupi ndi mbaula, osati pafupi kwambiri,
ndikukatembenuza ngati chimanga chootcha.

Mabatire anayi atsopano, ochokera pa shelefu yanga yomwe.
Ndinadzilemba m'buku la ngongole,
pansi pa dzina la mayi Namakhwa amene sanabweze za shuga.
Chiponde chochepa ngati njere ya nandolo,
choika ndi kamtengo kumapeto kwenikweni,
poti chala chimasiya fungo, ndipo khoswe amawerenga fungo
kuposa mmene ine ndimawerengera malisiti.
Kukhoma, kumene kuli mzere wakuda wa mafuta a mimba zawo,
khomo kuloza kumene amachokera.

Swichi. Kobiriwira kamodzi. Kulira pang'ono ngati udzudzu. Bata.

Usiku magetsi anazima Ndirande yense,
koma mphenzi yanga sidikira za mapolo.
Ndinagona kuseri kwa katani, maso ali kudenga,
kumvetsera timapazi pa malata,
minibasi yomaliza ikutsika ku Chinseu.
Cha m'ma thuu ndinamva.
Sindinadzuke. Sindinasangalalenso mmene ndimayembekezera.

M'mawa anali wamng'ono, ndevu zisanakhwime.
Wamkulu uja, wong'ambika khutu,
ndinamupeza atakhala pa thireyi ya mazira,
akundiyang'ana ngati wabwera kudzatenga lendi.
Amadziwa mwambi wa mkhate, ameneyo.
Ndinatsitsa tsache.

Tsopano Lachiwiri lililonse ndimazimitsa, ndimachotsa, ndimakwecha.
Tsiku la mabatire ndalilemba pa kalendala ya ku tchalitchi.
Mswachi uja wabwerera m'kapu yake,
tsitsi lake litapindika, litada,
ndipo Sigele akafunsa ndimangoti ukugwira ntchito.