Masitepe Makumi Asanu ndi Anayi

Benedita wabwera ndi makatoni atatu
ndi cholembera chakuda chonunkha ngati mankhwala.
Pa yoyamba walemba: Zosunga.
Pa yachiwiri: Zopatsa ena.
Yachitatu sanalembepo kanthu, poopa nkhope yanga,
koma yaikulu ndi yomweyo.

Zaka makumi anayi ndi zitatu
ndakhala pamwamba pa kamsewu kano ka mu Porto,
masitepe makumi asanu ndi anayi kuchokera pansi.
Chilichonse chili muno chinakwera pamsana panga
kapena m'manja mwa Idalina.
Tsopano mawondo akana.
Adokotala ati nditsike,
ndikakhale kwa mwana ku Matosinhos,
m'chipinda choti bedi likalowa
mpando umatsala pakhomo.

Tayambira kukhitchini.
Zivundikiro khumi ndi ziwiri zopanda mapoto ake.
Mabotolo otsukatsuka, mbee,
odikira ntchito imene sinabwere.
Maambulera asanu, onse othyoka nthiti mbali imodzi,
mbali ya mphepo yochokera ku Douro.
M'chitini cha mabisiketi muli makiyi
a zitseko zimene zinagwetsedwa kalekale,
pamalopo alendo akumwerapo khofi.

Benedita amakweza chinthu m'mwamba:
Nanga ichi, bambo?
Ndikati ndiyambe kufotokoza
diso lake limathawira pa wotchi.
Sindimuda nazo.
Galimoto waimika poletsedwa,
ndipo ana akuweruka folo koloko.

Ndinali telala, ine.
Matumba asanu ndi limodzi a zidutswa za nsalu
ndi amene andigwetsa pampando.
Aka ndi ka suti ya ukwati ya Amílcar;
sutiyo anapita nayo kumanda,
kotsalako kali ndi ine.
Aka ndi ka jekete la woyendetsa sitima
amene sanamalize kulipira.
Ndimati tsiku lina zidzagwira ntchito.
Tsiku linalo ladutsa pansi pa zenera kangati
ine ndili chowerama, nsingano kukamwa?

Makina osokera atsika masana,
anyamata awiri akutukwana pokhota paliponse.
Apita kwa Nádia wa chipinda chapansi,
amene amapinda mathalauza a anthu ndi manja.
Ndamuuza kuti amafuna mafuta Loweruka lililonse
ndiponso kuti sakonda kuthamangitsidwa.
Waseka. Akuyesa nthabwala.

Chikhoti chobiriwira cha Idalina
ndachisiya mpaka dzuwa litapendeka.
Zaka zisanu ndi ziwiri chili pamsomali womwewo,
mapewa ake akadali momwemo.
Ndapisa m'thumba mwachizolowezi cha ntchito,
poti chovala sachipereka osachisecha,
ndapeza tikiti ya basi
ndi kapepala kopindidwa kanayi, dzanja lake lopendama lija:
anyezi, sopo, mababu awiri,
mankhwala a chifuwa,
kuuza Amândio ataye zinyalala zakezi.

Ndaseka mpaka kutsokomola.
Benedita wathamanga kuchokera kubafa, sopo m'manja,
wawerenga, wakhala pansi,
ndipo kwa kanthawi palibe wayang'ana wotchi.

Chikhoti chalowa mu katoni yachiwiri.
Kukuzizira chaka chino, wina chimuthandiza.

Madzulo nyumba yayamba kundibwezera mawu.
Pakhoma patsala mabala oyera
pomwe panali zithunzi ndi kalendala,
ndipo dzuwa lafika pangodya ina
imene sindinaione chibadwire Benedita.
Kani nyumbayi inali yaikulu chonchi?
Tinkakanganirana malo
pomwe malowo tinawapatsa zivundikiro.

Katoni yoyamba wainyamula ndi dzanja limodzi.
Muli sizasi yanga, malaya anayi,
zithunzi, makapu awiri ngakhale ndimamwera imodzi.
Kapepala kali m'thumba la pamtima.

Ndikutsika chogwira khoma, ndikuwerenga.
Sindinatsikepo masitepe awa manja ali lende,
opanda chinyalala, opanda suti ya munthu.
Pa sitepe ya makumi atatu ndaima, kupuma,
ndakumbukira kuti zenera lakuchipinda sindinatseke.
Benedita watula katoni kuti akwerenso.
Ndamugwira mkono.
Lisiye, ndatero,
mulowe mphepo.