Zoponyedwa M'mwamba

Belu lomaliza linalira masana
koma ine ndidakali m'chipinda chachisanu ndi chiwiri,
ndikupala chingamu kunsi kwa desiki ya Nahuel Barría
ndi rula yothyoka.
Palibe wandituma. Don Heriberto akanapala yekha mawa,
kungoti manja angawa sadziwa kukhala chabe.

Kunja mphepo ya ku Punta Arenas ili pantchito yake,
kugogoda mawindo ngati munthu wodzaitanitsa ngongole.
Ola lachisanu ndi chinayi lakwana, dzuwa likukanabe kulowa.
Mu Disembala kuno usiku umafika mochedwa,
mokoka miyendo, ngati ana anga Lolemba m'mawa.

Chaka chathunthu ndawaphunzitsa
kuti dziko limakoka zonse,
kuti chimene waponya m'mwamba chimabwerera.
Lero pabwalo avula matayi, awaponya m'mwamba,
mphepo yawawakha, yathawira nawo kunyanja.
Ignacia Vukasovic anatembenuka, tsitsi lili m'kamwa,
nafuula: Aphunzitsi, munatinamiza!
Ndinaseka mpaka magalasi anachita nkhungu.

Kaundula ndiye saseka.
Mu Marichi tinali makumi atatu ndi anayi.
Maite anatsata amayi ake ku Puerto Natales,
kumene anapeza ntchito yoyala mabedi m'hotela.
Wina anangosintha sukulu, timakumana m'basi.
Koma Eloy Cárcamo,
wa pampando wa pafupi ndi chotenthetsera,
anasowa mu Julayi, miyezi ija timalowa m'kalasi kuli mdima
n'kuweruka kuli mdima.
Anakwera boti la nkhanu ndi amalume ake.
Ndinaimba foni kawiri, sinayankhidwe.
Ndinati ndiyesanso Lachisanu.
Lachisanu lija labwera kokwana makumi awiri
n'kundipeza ndikuchonga mayeso.

Kope lake lili m'kabatimu.
Tsamba lomaliza: mwala ukugwa kuchokera pansanja,
peza nthawi imene ufikire pansi.
Anayamba bwino, mizere itatu yopanda cholakwa,
kenako anajambula boti, ndi kamunthu koimirira kutsogolo.
Mwala uja udakali m'malere.

Ndiululenso ichi, poti makoma okha ndiwo akumva.
Nahuel anapeza 3.9. Kukhoza kumayambira pa 4.
Ndinaluma cholembera usiku wonse,
ndikuona mnyamata wofika ndi fungo la buledi m'malaya
chifukwa amayamba kukanda ufa tambala asanalire.
Ndinalemba 4.
Ine, munthu wa miyeso, wolalikira kuti nambala sinama.

Patebulo andisiyira kapu ina,
yachisanu ndi chitatu m'zaka zanga zino,
botolo la jamu wa calafate lopanda dzina la mwini,
ndi kakalata: Sindinamve chilichonse cha magetsi
koma zikomo posandikuwiza.
Pabolodi alemba mayina awo, ena mozondoka.
Chofufutira ndachigwira, ndachibwezera pamalo pake.
Afufute ndi Don Heriberto, ali ndi mtima wolimba.

Ndinkayesa kuti tsikuli ndidzavina.
Kuyambira Okutobala ndakhala ndikuwerenga masiku ngati wandende,
mawu atasasa, msana ukudandaula.
Nanga bwanji chete ameneyu akundilemera
kuposa phokoso lawo lonse?

Ndakhoma chitseko. Ndikuyenda chowerama,
mphepo ikundibweza ngati ndaiwala kanthu.
Pampanda wa waya, kuseri kwa bwalo la mpira,
tayi imodzi yakodwa, ikupupuma.
Sinagwe pansi, sinapitenso kunyanja.
Ignacia, pamenepa tinene kuti walondola ndani?

Ndaikodola, ndaipinda, ndaiika m'thumba
momwe muli foni.
Kudoko maboti a nkhanu abwerako, nyengo yawo yatha,
amangidwa mondondozana, akugundana mapewa.
Zala zanga zazizira, nambala ndidakali nayo.

Lero ndi Lachisanu.